Caphiridzange asaiwalike: petulo amayaka asanakhudzidwe ndi moto

Aliyense wokhala m'mbali mwa mseu wochoka pa Mussacama kudzera pa Ulónguè mpaka pa chipata cha Calómuè amazidziwa galimoto zikuluzikulu zonyamula mafuta zimene zimakwera zitunda pang'onopang'ono, zikubuula ndi kulemera, kulowera ku Dedza ndi ku Lilongwe. Mafutawo amachokera ku doko la Beira. M'mbali mwa mseu womwewo, m'misika ya m'midzi ndi poimikira njinga zamoto, mumapezekanso timatebulo ta mabotolo a petulo ndi dizilo atandandalikidwa padzuwa ngati tomato. Ogula ake ndi akabaza, eni zigayo ndi alimi a kachewere amene ali ndi injini zothirira m'madimba.

Malonda amenewa akudyetsa mabanja ambiri, ndipo pamene mafuta anasowa ku Malawi m'zaka za 2011 ndi 2012, komanso kuyambira mu 2022, zigubu zinkayenda usiku ndi usana m'njira zachidule za m'malire. Koma mafuta omwewo, ku mafakitale ndi m'malo mosungira mafuta, amagwiridwa ndi anthu ophunzitsidwa, ovala zodzitetezera, amene amatsata malamulo okhwima. M'mudzi amagwiridwa ndi mwana wa sukulu, pafupi ndi mbaula, m'nyumba yofolera ndi udzu. Nkhani ya sabata ino ili pamenepo.

Zimene zinachitika pa Caphiridzange

Lachinayi pa 17 Novembala 2016, m'dera la Caphiridzange m'boma la Moatize, pafupi ndi mseu waukulu wa N7 umene anthu a ku Angónia amalowa akamapita ku Tete, thankala yonyamula malita pafupifupi 30,000 a petulo inaphulika pakati pa khamu la anthu. Inali paulendo wochoka ku Beira kupita ku Malawi. Malinga ndi m'mene akuluakulu a boma analongosolera panthawiyo, dalaivala anaipatutsa pa mseu n'cholinga chogulitsako mafuta mobisa, ndipo pamene ankapopa, pampu inathetheka n'kuyatsa mbali imodzi ya thanki. Dalaivalayo anathawa. Tsiku lotsatira mbiri inamveka kuti mbali inayo ikadali ndi mafuta, ndipo abambo, amayi ndi ana anathamangirako ndi zigubu, ndowa ndi mabotolo.

Anthu oposa 40 anafera pomwepo ndipo oposa 100 anapsa. Ovulala anawatengera ku chipatala chachikulu cha ku Tete, kumene ambiri anatsirizikira m'masiku otsatira, kotero kuti chiwerengero cha omwalira chinapitirira 80. Boma linalamula masiku atatu olira maliro m'dziko lonse la Mozambique.

Anthu amenewa sanali opusa. Anali alimi osauka, m'mwezi umene nkhokwe zimakhala zikupepuka ndipo ndalama ya mbewu ndi feteleza ikufunika, ndiye chigubu chimodzi cha petulo waulere chinali ndalama yooneka. Munthu wa ku Dómuè kapena wa ku Tsangano akanakhalapo tsikulo, mwina nayenso akanathamangira komweko, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ngozi yamtundu womwewu yachitikanso m'maiko ena. Pa Sange, kuvuma kwa dziko la Congo, mu Julayi 2010, thankala inagubuduzika ndipo moto wake unapha anthu oposa 200. Ambiri mwa iwo sanatunge ndi dontho lomwe, anali m'nyumba zoonetsera kanema chapafupi kuonera mpira wa Chikho cha Dziko Lonse. Pa Morogoro ku Tanzania, pa 10 Ogasiti 2019, anthu oposa 60 anafa tsiku lomwelo, ambiri mwa iwo akabaza a njinga zamoto, ndipo enanso anafera m'chipatala. Mboni zina zinati moto unayamba pamene munthu wina ankazula batire la galimoto yogwayo.

Chimene chimayaka ndi nthunzi

Ambiri amaganiza kuti petulo amayaka pokhapokha wina akaponyamo machesi. Zoona zake n'zakuti chimene chimayamba kuyaka ndi nthunzi yake yosaoneka ndi maso, ija imamveka fungo munthu akatsekula chigubu. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, kutanthauza kuti ngakhale chisanu cha m'bandakucha wa mwezi wa Juni pa mapiri a Angónia sichingamugonetse. Palafini amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 38 kuti atero, ndipo dizilo amafuna oposa 50. N'chifukwa chake petulo ndi woopsa koposa anzakewo.

Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya wamba katatu kapena kanayi, choncho siikwera kumwamba ngati utsi. Imakwawa pansi, imatsata ngalande ndi malo otsetsereka, imalowa pansi pa chitseko n'kukadikha m'dzenje kapena pangodya ya nyumba. Ikakumana ndi moto kutali uko, motowo umabwerera m'mbuyo motsata nthunziyo mpaka kukafika pa chigubu kapena pa thanki pamene inachokera, ndipo umathamanga kuposa munthu. Sipafunikanso nthunzi yambiri. Magawo awiri okha pa magawo 100 a mpweya ndi okwanira kuyaka.

Mayi aliyense amadziwa kuti mphika umakhala pa mafuwa atatu ndipo limodzi likachoka mphikawo umagwa. Moto nawo uli ndi mafuwa atatu: chinthu choyaka, mpweya, ndi choyatsa. Pamalo pamene petulo watayika, mafuwa awiri oyambawo aikidwa kale. Latsala limodzi lokha, ndipo limeneli lingabwere ndi ndudu ya fodya, nyali, khala la m'mbaula, injini ya njinga yamoto, waya wa batire, kapena chitsulo chikagundana ndi mwala n'kutulutsa mbaliwali. Pakakhala anthu khumi, mwina wina angawayang'anire onse. Pakakhala anthu 200 akukankhana ndi zidebe, palibe angadziwe kuti fuwa lachitatulo lili m'thumba mwa yani.

Palinso choyatsa china chimene anthu sachiganizira. Munthu akamavula juzi mumdima nyengo yozizira, nthawi zina amaona timoto tikuthetheka. Amenewo ndi magetsi obadwa chifukwa cha kukhulana kwa zinthu. Petulo akamayenda m'paipi kapena akamathiridwa m'chigubu cha pulasitiki, magetsi omwewo amabadwa. Ichi ndicho chifukwa chake thankala isanayambe kutsitsa mafuta pa malo omwetsera, amayamba aimangirira ndi waya wolowa m'nthaka, kuti magetsiwo athawire pansi.

Malamulo a ku fakitale anagulidwa ndi maliro

Akatswiri oteteza ngozi m'mafakitale a mankhwala ndi mafuta sanayambe ndi nzeru zimenezi. Anazitola pamaliro, ngozi ina itachitika ndi inzake. Malamulo awo ndi ochuluka, koma mitu yake ndi inayi, ndipo yonse inayi ingagwire ntchito pakhomo la mlimi.

Loyamba ndi kusunga pang'ono. Mu 1974 fakitale ya mankhwala ya pa Flixborough ku England inaphulika n'kupha anthu 28. Patapita ngoziyo, katswiri wina wa kumeneko, Trevor Kletz, anayamba kuphunzitsa kuti m'malo mosunga mankhwala oopsa ambiri n'kumawalondera ndi makina, ndi bwino kusunga ochepa kwambiri amene ntchito ikufuna, chifukwa chinthu chimene kulibe sichingatayike kapena kuyaka. Chiphunzitsochi lero chimatsatidwa pomanga mafakitale m'maiko ambiri.

Lachiwiri ndi kulekanitsa zinthu zosayenera kugonera limodzi. Apa pali nkhani imene ikukhudza dziko la Mozambique. M'chaka cha 2013 sitima ya pamadzi yotchedwa Rhosus inanyamuka ku Batumi m'dziko la Georgia ndi matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala amene amapangira feteleza komanso zophulitsira miyala m'migodi. Ulendo wake unali wa ku Beira, koma inakaima pa doko la Beirut ku Lebanon ndipo siinapitirire. Katunduyo anamutsitsira m'nyumba yosungiramo zinthu pa dokopo, n'kukhalamo zaka zisanu ndi chimodzi limodzi ndi zinthu zina zoyaka msanga. Pa 4 Ogasiti 2020 m'nyumbamo munabuka moto, ndipo kuphulika kumene kunatsatira kunapha anthu oposa 200, kuvulaza oposa 6,000 ndi kuphwasula mbali yaikulu ya mzindawo. Akuluakulu anachenjezedwa kangapo m'makalata, koma katunduyo sanasunthe.

Lachitatu ndi kusamala zotetezera, osazisiya zife pofuna kupulumutsa ndalama. Usiku wa pa 2 kuchezera pa 3 Disembala 1984, mumzinda wa Bhopal ku India, madzi analowa m'thanki ya mankhwala pa fakitale ya Union Carbide yopanga mankhwala ophera tizilombo m'munda. Mankhwalawo anawira, ndipo matani pafupifupi 40 a mpweya wa poizoni anatuluka. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa kale, ndipo chipangizo chowotchera mpweya woipa chinali chosagwira ntchito. Mpweyawo, pokhala wolemera, unakwawira m'makomboni oyandikana nawo anthu ali mtulo. Boma la chigawocho linawerenga omwalira 3,787, mabungwe ena amati anali ochuluka kuposa apa, ndipo anthu oposa 500,000 anaupuma.

Lachinayi ndi mtunda. Zinthu zoopsa zizikhala patali ndi pogona anthu, ndipo ngozi ikayamba anthu azithawira kutali. Pa 22 Malichi 2007 nkhokwe ya zida za asilikali pa Malhazine mumzinda wa Maputo inaphulika, ndipo anthu oposa 100 anafa, ambiri mwa iwo m'nyumba zawo zoyandikana ndi nkhokweyo. Pa Boksburg ku South Africa, pa 24 Disembala 2022, thankala ya gasi inakanirira pansi pa mlatho n'kuyamba kuyaka. Anthu anasonkhana kudzaonerera, ena akujambula ndi mafoni, ndipo itaphulika inapha anthu 41.

Malamulo omwewo pakhomo

Wogulitsa petulo wa m'mabotolo amene amasunga zigubu khumi kuchipinda, kunsi kwa bedi, poopa akuba, wasandutsa chipinda chogona ana ake kukhala thankala yaing'ono. Kuoda pang'ono n'kumabwereza kumatopetsa ndipo kumadya phindu, komabe ndiko kumene kumasiya nyumba ili chiimire. Zigubu zizikhala m'kanyumba kapadera, kopita mphepo, kamthunzi, kotalikana ndi khitchini, nkhokwe, chigafa cha fodya ndi nyumba yogona. Zisamadzazidwe mpaka kukamwa chifukwa petulo amafufuma kukatentha, ndipo chigubu chofufuma chimang'ambika kapena kulavula chikamatsekulidwa.

Kuthira mafuta kuzichitikira panja, masana, chigubu cholandira chili pansi pa dothi. Kuthira usiku pounikira ndi koloboyi kapena kandulo ndiko kwawotcha nyumba zambiri. Injini ya njinga yamoto, ya pampu kapena ya jenereta iyambe yazimitsidwa ndi kuzizira isanamwetsedwe. Kukoka petulo ndi pakamwa kudzera m'paipi kulekeke, chifukwa kadontho kakalowa m'mapapo kamayambitsa chibayo choopsa.

Botolo la zakumwa lokhala ndi palafini kapena petulo limanyenga mwana waludzu. Mwana akamwa, asamusanzitse, pakuti posanza mafutawo amalowera m'mapapo. Athamangire naye kuchipatala.

Kuno kumalire kulinso msampha wa chilankhulo. Pa Chipwitikizi, petróleo ndi mafuta a nyali, amene ku Malawi amati palafini. Amene ku Malawi amati petulo, pa Chipwitikizi ndi gasolina, ndipo dizilo ndi gasóleo. Mwana wotumidwa kukagula mafuta a nyali angatchule dzina la mbali ino kwa wogulitsa wa mbali inayo, n'kubwera ndi petulo m'botolo. Petulo akalowa m'nyali kapena m'chitofu cha palafini, chimaphulikira kumaso kwa woyatsayo. Wogulitsa azifunsa kuti, "Kodi iwe, amayi ako akufuna a nyali kapena a njinga?" Ndipo chigubu chimene munali petulo chisasungirenso palafini, ngakhale chitaoneka chouma.

Mgolo wopanda kanthu ndi woopsa kuposa wodzaza. Mu wodzaza mulibe malo okwanira a mpweya, pamene mu wopanda kanthu timadontho totsalira timasanduka nthunzi n'kusakanikirana bwino ndi mpweya, kungodikira moto. Amisiri owotcherera zitsulo ndi odula migolo kuti apange mbaula, zitseko kapena zosungira madzi ayenera kufunsa chimene chinali m'mgolomo. Kutsukuluza kamodzi sikokwanira. Ku mafakitale salola munthu kuyandikiza moto pa thanki asanayeze mpweya wa m'katimo ndi kulemba chilolezo. Mmisiri wa pamsika alibe choyezera, choncho mgolo wa petulo kapena wa mankhwala osadziwika ndi bwino kuukana, ngakhale mwini wake atakweza mtengo.

Pa nkhani ya feteleza alimi asachite mantha opitirira. Yuleya ndi feteleza wokulitsa wa NPK saphulika ngati katundu wa ku Beirut uja. Feteleza wa CAN ali ndi ammonium nitrate, koma wosakanizidwa ndi laimu kuti akhale wofatsa. Komabe feteleza wotereyu akagwidwa ndi moto amaukolezera ndipo amatulutsa utsi wa poizoni, ndiponso sayenera kunyowa ndi dizilo, petulo kapena oyilo. Matumba a feteleza, zigubu za mafuta, mabelo a fodya ndi udzu wofolera zikaunjikidwa m'chipinda chimodzi, ndiye kuti cholakwa cha ku Beirut chabwerezedwa pakhomo.

Mapiritsi a m'chimanga

Mpweya wa poizoni sutuluka ku fakitale kokha. Nthawi yokolola, m'misika mumapezeka mapiritsi otuwa ophera anankafumbwe, opangidwa ndi mankhwala otchedwa aluminium phosphide. Piritsi limeneli likamva chinyezi cha mumpweya limatulutsa mpweya wa phosphine, umene nthawi zina umanunkha ngati adyo kapena nsomba yoola. Mpweyawu umapha tizilombo, makoswe ndi anthu mofanana, ndipo ulibe mankhwala ouchotsa m'thupi. Mapiritsiwa anapangidwira anthu ophunzitsidwa, ogwira ntchito m'nkhokwe zikuluzikulu zotsekedwa bwino, m'mene simugona munthu.

Vuto n'lakuti masiku ano chimanga chimagona m'nyumba poopa akuba. Thumba la saka silitsekera mpweya, ndipo khoma losafika kudenga silitchinga kanthu, kotero mpweyawo umayenda usiku mpaka pamphasa pamene pagona ana. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, kusanza, kutsekula m'mimba ndi kubanika, ndipo ana ndi amene amagonja msanga. Banja lonse likadzuka likudwala chimodzimodzi pambuyo pothira mankhwala m'chimanga, onse atuluke panja msanga n'kupita kuchipatala atanyamula chikutiro cha mankhwalawo, m'malo motaya nthawi kufufuza amene walodza. Piritsili likathiridwa madzi limatha kuyaka, choncho lisatayidwe m'chitsime, m'chimbudzi kapena m'ndowa.

Njira zina zilipo. Matumba otsekera mpweya, monga a PICS, amapha anankafumbwe popanda mankhwala malinga chimanga chikhale chouma bwino. Mankhwala a ufa nawo amathandiza akathiridwa pamlingo wolembedwa pa chikutiro. Alangizi a zaulimi angalongosole zonsezi kwa aliyense wofunsa, ndipo safunsa anadya phula.

Thankala ikagwa pafupi ndi mudzi

Mseu wa ku Calómuè uli ndi zitunda ndi makona, ndipo nyengo ya mvula umaterera ndi kuchita nkhungu. Thankala kugwa si chinthu chosatheka. Chimene mudzi udzachite tsiku limenelo chiyenera kukambidwa lero, chifukwa pa tsikulo sipadzakhala nthawi ya msonkhano, ndipo ozimitsa moto sakhala m'mudzi.

Galimoto yonyamula mafuta imadziwika ndi chizindikiro chofiira cha ngodya zinayi chokhala ndi chithunzi cha lawi la moto ndi nambala 3. Pachikwangwani chake pamalembedwanso nambala ya katunduyo: 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1223 ndi palafini. Mabuku a ozimitsa moto amalangiza kuti mafuta otere akatayika ambiri, anthu a mbali imene mphepo ikulowera asamuke mamita osachepera 300, ndipo thankiyo ikagwira moto aliyense atalikire mamita 800 mbali zonse. Mamita 800 ndi ngati mabwalo a mpira asanu ndi atatu atalumikizidwa m'litali. Munthu amene akutha kuwerenga malemba a pa thanki ali pafupi kwambiri, ndipo amene akumva fungo ali kale m'kati mwa nthunzi.

Pothawa, munthu alowere kumene mphepo ikuchokera ndiponso kumtunda, pakuti nthunzi imatsikira kumunsi ngati madzi. Moto wonse wa m'makhitchini oyandikira uzimitsidwe. Njinga zamoto zisalizidwe pafupi, azizikankha. Anyamata awiri aime patali mbali zonse za mseu kuimitsa galimoto, ndipo wina aimbire apolisi ali kutali. Aphunzitsi atsekereze ana kusukulu mpaka zitadziwika. Thanki imene yapsa mbali imodzi n'kuzima isayesedwe yakufa, chifukwa matanki amenewa ali ndi zipinda, ndipo chitsulo chotentha chimasunga moto nthawi yaitali. Pa Caphiridzange anthu anafera pa thankala imene inali itapsako kale.

Apa udindo waukulu uli ndi mafumu, anyakwawa, alembi a m'midzi ndi akuluampingo. Mnyamata mmodzi sangabweze khamu limene laona mafuta aulere, koma mfumu ikakhala kuti inanena kale pabwalo kuti wopita ndi chigubu pa thankala yakugwa ali ndi mlandu kumudzi, mawuwo amakumbukika. Mabungwe a akabaza nawo angapangane okhaokha, popeza iwo ndi amene amafika msanga pamalo a ngozi ndipo ndi amene amafalitsa mbiri.

Ogula mafuta kwa madalaivala usiku m'tchire adziwenso kuti ndi kumene ngozi ya 2016 inayambira. Pamalo omwetsera mafuta pali waya wa pansi, pampu yopangidwira petulo, mchenga ndi zozimira moto. M'tchire muli pampu wamba yolumikizidwa ku batire, tochi, changu ndi mantha oopa kugwidwa. Eni galimoto ndi akuluakulu oona za pamseu ali ndi mbali yawo, yoonetsetsa kuti thankala siipatuka panjira, ndipo ikawonongeka kapena kugwa ikulonderedwa mpaka mafuta onse atachotsedwa.

Moto ukabuka, munthu akapsa

Moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi. Petulo ndi wopepuka, amayandama pamwamba pa madziwo n'kuyenda nawo akuyaka, motero moto umafalikira. Moto waung'ono uzimitsidwe ndi mchenga, dothi kapena bulangete lonyowa, zimene zimautsekera mpweya. Ndowa ya mchenga pambali pa tebulo la mabotolo siidya ndalama. Moto ukakula kuposa msinkhu wa munthu, katundu asiyidwe, anthu atuluke.

Munthu amene zovala zake zagwira moto asathamange, chifukwa mphepo imaukoleza. Agwe pansi n'kugubuduzika, anzake amufunditse bulangete kapena thumba lonyowa. Pamene papsapo pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, mphete ndi zibangili zivulidwe msanga thupi lisanatupe, koma nsalu yomatirira pachilonda isamatulidwe. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, phulusa ndi ndowe zisapakidwe, pakuti zimalowetsa tizilombo ndi kuvutitsa achipatala potsuka. Matuza asaphulitsidwe. Chilonda chiphimbidwe ndi nsalu yoyera, wodwalayo afunditsidwe kuti asazizidwe, ndipo apite naye msanga ku chipatala cha ku Ulónguè kapena china chilichonse chapafupi. Wopsa kumaso, kapena amene mawu ake asasa chifukwa cha utsi, ndi woyamba kunyamulidwa ngakhale akuyenda yekha, chifukwa kummero kumatupa pambuyo pake.

Pa Caphiridzange pali mabanja amene anataya anthu angapo tsiku limodzi, ndi ena amene akuyenda ndi zipsera mpaka lero. Anthu a ku Angónia amadutsa m'dera lomwelo pa shapa popita ku Tete, ndipo thankala zimadutsa pamakomo awo usiku uliwonse. Mwezi wa Novembala ukamafika, mafumu ndi aphunzitsi angachite bwino kupatula tsiku limodzi lokambirana nkhaniyi pabwalo ndi m'makalasi, n'kupita ndi ana kumseu kukawayezera ndi mapazi kuti mamita 800 amathera pati.